Madzi a Pakhomo Panu ndi Thanki ya Chimbudzi

Mayi, mwezi ndi mwezi mumabereka mwana wanu kudza naye kuno kusikelo. Anamwino amamuyeza, nalemba kulemera kwake m'buku. Mwana sanena yekha kuti wayamba kuonda, koma mzere wa m'bukumo ukaleka kukwera, inu ndi anamwino mumadziwa msanga kuti pali chimene chalakwika, matenda asanakule. Kabuku kano kakunena za sikelo ina, ya madzi amene mumagwiritsa ntchito pakhomo panu. Tikulankhula makamaka ndi inu amene mumakhala m'nyumba za chimbudzi chogejemula, kaya nyumbayo ndi yanuyanu, yalendi kapena yakuntchito. Inu a chimbudzi chokumba musakatseke kabukuka, pakuti muli mau anunso kutsogoloku.

Nyumba zambiri za m'mizinda ndi m'matauni mwathu sizinalumikizidwe ku mapaipi aakulu otenga zonyansa kupita nazo kutali. Zimene mwagejemula zimathera kuseri kwa nyumba yanu yomweyo, m'thanki yokwiriridwa pansi imene amisiri amaitcha septiki, mapazi owerengeka kuchokera pamene mwana wanu amakwawa ndi kutola dothi kuika m'kamwa. Thanki imeneyi ikamagwira bwino ntchito palibe amaikumbukira. Ikalephera, madzi oipa amatumphukira pabwalo, ndipo woyamba kuwapeza ndi mwana.

Anthu ambiri amayesa kuti thanki imalephera chifukwa cha kuchuluka kwa zonyansa kokha. Kawirikawiri chimene chimaigonjetsa ndi madzi. Tsono popeza madzi ambiri a pakhomo amadutsa m'manja mwanu, pochapa, potsuka ndi posambitsa ana, palibe wina angawadziwe bwino koposa inu.

Kodi m'thankimo mumachitika zotani?

Ambiri a ife tikudziwa chimene timachita ndi madzi ovunduka otungidwa kumtsinje mvula itangogwa. Timawathira mumtsuko kuti agone. Pofika m'mawa matope akhala pansi, tizinyalala tayandama pamwamba, ndipo pakati patsala madzi oyererapo. Koma wina akadza nakhuthulira ndowa ina mumtsukomo mwamphamvu, matope aja amadzuka, madzi onse n'kuvundukanso.

Thanki ya chimbudzi ndi mtsuko wotere, kungoti ndi yaikulu, yomangidwa ndi njerwa ndi simenti, ndipo kawirikawiri imakhala ya zipinda ziwiri. Zochokera m'chimbudzi zimalowa m'chipinda choyamba. Zolemera zimamira, nizisanduka matope akuda. Mafuta ndi thovu zimayandama, nizipanga khungu pamwamba. M'matopemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa zonyansazo pang'onopang'ono, kotero kuti sizichuluka msanga. Madzi apakati okha ndiwo amaolokera m'chipinda chachiwiri, ndipo kuchokera mmenemo amapita kudzenje lodzazidwa ndi miyala, lija amisiri amati soakaway, kumene amalowerera m'nthaka. Madzi otuluka m'thankiwo musawayese abwino ayi. Amakhala akadali ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo nthaka ndiyo imatsiriza ntchito yowasefa.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchimvetsa bwino. Thanki yabwino imakhala yodzaza madzi nthawi zonse, kufika pakamwa pa paipi yotulukira. Ndowa imodzi ikalowa uku, ndowa imodzi imatuluka uko. Kuti matope akhale pansi, madzi ayenera kugona m'thankimo maola osachepera 24.

Tiyerekeze kuti thanki yanu imalowa malita 2,000, ndipo patapita zaka matope ndi khungu lija zatenga theka la malo. Madzi atsala ndi malo a malita 1,000 okha. Banja likamatumiza malita 500 patsiku, madzi amagona masiku awiri, ndipo zonse zili bwino. Koma tsiku limene mwatumiza malita 1,500, madzi amangodutsa osagona, nanyamula matope kupita nawo kudzenje la miyala. Kumeneko matopewo amamata mipata ya miyala ndi timabowo ta nthaka, monga mmene ufa wonyowa umatsekera sefa. Tsiku limodzi lotere silionetsa kanthu. Zikachitika sabata ndi sabata, dzenje limaleka kumwa madzi, ndipo madzi osowa kolowera amakwera pamwamba kapena kubwerera m'nyumba. Thanki yodzaza matope imapopedwa n'kukhalanso bwino, koma dzenje lotsekeka nthawi zambiri limafuna kukumba lina, ndipo ndalama zake si zamasewera.

Werengani mita yanu

Ngati madzi anu ndi a Water Board, pakhomo panu pali mita. Ambiri timaisiyira munthu wodzawerenga uja, n'kumangodandaula bilu ikabwera. Komatu mitayo ndi sikelo yanu, ndipo kuiwerenga n'kosavuta. Pa mita zambiri pali manambala akuda ndi ofiira. Nambala yakuda yakumapeto ikasintha kamodzi, ndiye kuti padutsa malita 1,000, amene ndi ndowa 50 za malita 20. Ofiirawo amawerenga tizigawo ting'onoting'ono ta muyezo womwewo.

Sankhani tsiku limodzi pasabata, tinene Lolemba m'mawa, ndipo lembani manambala akudawo m'kope. Mwachitsanzo, Lolemba lino mwapeza 245, Lolemba linalo mwapeza 249. Kusiyana kwake ndi 4, ndiko kuti malita 4,000 pamasiku 7, kapena malita pafupifupi 570 patsiku. Ngati m'nyumba muli anthu 7, aliyense akugwiritsa ntchito malita pafupifupi 80. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati malita 50 kufikira 100 patsiku amakwanira munthu mmodzi pa zofunika zake, kotero banja limeneli silikuononga.

Si madzi onsewa amene amalowa m'thanki. Othirira ndiwo zamasamba, ophikira, ndi ochapira panja amapita kwina. Ndiponso nyumba zimasiyana mamangidwe: m'nyumba zina madzi a kubafa ndi a musinki amadutsa m'thanki, pamene m'zina ali ndi dzenje lawolawo. Kuti mudziwe za nyumba yanu, munthu wamkulu avundukule kadzenje koonera paipi kamene kali pakati pa nyumba ndi thanki, inu n'kukhuthula ndowa ya madzi asopo kubafa. Thovu likadutsa pamenepo, mwadziwa kuti madzi osamba nawonso ndi katundu wa thanki yanu. Mukatha bwezeranipo chivundikiro nthawi yomweyo.

Mukalemba masabata anayi kapena asanu, mudzadziwa muyezo wa banja lanu. Kuyambira pamenepo, nambala ikalumpha popanda alendo kapena ntchito yachilendo, funani chifukwa chake. Amene muli ndi mita yolipiriratu, onani masiku amene madzi ogula amakutengerani. Akayamba kutha msanga, tanthauzo lake ndi lomwelo. Ndipo amene mumatunga pachitsime, pamjigo kapena kogula, werengani ndowa zolowa m'nyumba kwa masiku angapo. Inu ndiye simusowa wokuuzani, khosi limakhala litawerenga kale.

Madzi othawa usiku

Chitani ichi kamodzi pamwezi. Pokagona, tsekani mipopi yonse, uzani a m'nyumba kuti asagejemule, ndipo lembani manambala onse a pamita, akuda ndi ofiira omwe. M'mawa, wina asanatsegule mpopi, werenganinso. Ngati manambala asuntha, madzi akuthawa penapake.

Malo oyamba kuwakayikira ndi kathanki ka chimbudzi. Labala ya mkati mwake ikatha, kapena mpira woyandama uja ukaleka kutseka bwino, madzi amatsetsereka usana ndi usiku, mwakachetechete, ndipo onsewo amapita m'thanki yapansi. Chimbudzi chimodzi chotere chingathe kutaya malita mazanamazana patsiku, kuposa amene banja lonse limagwiritsa ntchito pogejemula. Pochiyesa, thirani buluu wochapira pang'ono m'kathankiko, ndipo dikirani theka la ola osagejemula. Mtundu wa buluu ukaoneka m'mbale ya chimbudzi, itanani pulambala. Labala yatsopano ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi dzenje latsopano. Podikira pulambalayo, tsekani kampopi kolowetsa madzi m'kathankiko, muzigejemula ndi ndowa.

Mpopi wodontha nawo timaupeputsa. Tcherani ndowa pansi pake usiku umodzi, mudzaone nokha m'mawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akuluakulu.

Koma vuto limene timalidziwa tonse a m'tauni ndi ili. Madzi asiya masana. Mwana atsegula mpopi wa kubafa, aona kuti kulibe kanthu, nachoka osatseka. Wina ayesa wa kukhitchini, nayenso ausiya chomwecho. Pakati pa usiku madzi abwera, onse ali mtulo. Mpopi wotsegula umadzaza ndowa m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Ukatayika maola asanu, ndiye kuti ndowa 100 kapena kuposerapo, malita 2,000, zakokolola thanki yonse usiku umodzi. Chomwecho madzi akasiya, zungulirani nyumba musanagone, mugwire mpopi uliwonse ndi dzanja lanu. Phunzitsaninso ana okulirapo kuti mpopi wouma umatsekedwa ngati wotuluka madzi.

Kuchapa, alendo ndi dzinja

Kugejemula kumodzi kumatenga malita pafupifupi 9 pa zimbudzi zakale, ndi 6 pa zambiri zatsopano. Anthu 7, aliyense akagejemula kasanu patsiku pa chimbudzi chakale, atumiza malita 315. Mukaimika botolo lapulasitiki la lita imodzi, lodzaza madzi ndi lotseka bwino, pakona ya kathanki pamene silingagunde mpira woyandama, mwapulumutsa malita 35 patsiku popanda wina kuzindikira. Njerwa musaikemo, imafumbutuka n'kuononga labala.

Amayi ambiri amaunjika zochapa za sabata yonse kudikira Loweruka. Ngati madzi anu ochapira amapita m'thanki, chizolowezi chimenechi n'choipa, chifukwa tsiku lomwelo ndi limene onse ali pakhomo, akusamba ndi kugejemula. Gawani zochapazo, zina Lachiwiri, zina Lachinayi, mabulangete tsiku laokha. Madzi otsukuluzira zovala wamba ndi abwino kukolopera, kugejemulira, kapena kuthirira maluwa ndi nthochi kutali ndi pamene ana amasewera.

Thanki inamangidwa poganizira chiwerengero cha anthu. Nyumba imene anaimangira anthu 5 lero mwina mukugona anthu 12, kuonjezapo a m'nyumba yakuseri. Nanga pakagwa maliro, ukwati, kapena ana a abale akabwera patchuthi? Mlendo sitimuwerengera madzi, ndiwo mwambo wathu, ndipo ndi wabwino. Koma masiku oterewa imikani zochapa zikuluzikulu, alendo asambire kubafa yapanja, ndipo ngati pali chimbudzi chokumba chosamalika, chithandizane ndi cha m'nyumba.

M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthaka imakhala itakhuta kale, ndipo dzenje la miyala limamwa mochedwa, makamaka pa dothi lamakande ndi pafupi ndi dambo. Miyezi imeneyi ndiyo yofunika kuchepetsa madzi koposa ina yonse. Onetsetsani kuti madzi ochokera padenga ndi oyenda pabwalo sakulunjika pathanki kapena padzenje. Akumbireni ngalande yowapatutsa. Ndi nyengo yomweyinso imene kolera amavuta. Mliri umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unafalikira dziko lonse, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Kolera, kamwazi ndi tayifodi zonse njira yake ndi imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha munthu, kudzera m'madzi, m'manja kapena pa ntchentche, kukalowa m'kamwa mwa wina.

Madzi amene simuyenera kuumira

Pano timvetsetsane, pakuti mayi wina angawerenge zonsezi n'kuyamba kuumira madzi pamene sipayenera. Kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya ndi musanadyetse mwana, sikunadzazepo thanki ya munthu. Madzi ake ndi ochepa, ndipo ndiwo amatchinga matenda. Chimbudzinso chigejemulidwe nthawi zonse munthu akadzithandiza.

Chimodzimodzi za matewera. Pali chikhulupiriro chakuti bibi wa khanda alibe vuto popeza mwanayo amangoyamwa. Si zoona. Chimbudzi cha mwana chimakhala ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda, makamaka pamene akutsegula m'mimba. Bibi wa pathewera ndi wa mupoti, pamodzi ndi madzi oyamba otsukira thewera, zonse zithiridwe m'chimbudzi. Amenewa ndi madzi amene thanki inamangidwira. Musawamwaze pabwalo kapena padimba pofuna kupeputsa thanki.

Matewera ogula otaya aja, amene ambiri timangoti mapampasi, ndiwo asalowe m'chimbudzi chogejemula ngakhale limodzi. Saola, ndipo amafufuma ndi madzi n'kutseka paipi. Gwetserani bibi m'chimbudzi, theweralo mulikulunge ndi kulitaya kudzenje la zinyalala lokwiririka, kumene agalu ndi ana sangafike. Nsalu ndi mapadi a kumwezi, majumbo, zitsononkho ndi manyuzipepala nazonso malo ake si m'menemo. Mafuta otsala mupoto apukuteni musanatsuke, chifukwa amakulitsa khungu lija. Jik pang'ono potsuka chimbudzi alibe vuto, koma kukhuthuliramo botolo lonse, parafini, oilo kapena mankhwala ophera tizilombo kumapha tizilombo tothandiza tija, matope n'kuyamba kuchuluka msanga.

Inu a chimbudzi chokumba

Nkhani yanu ndi yaifupi. Dzenje la chimbudzi si lotayiramo madzi osamba kapena ochapira. Madzi ambiri amalidzaza msanga, amafewetsa makoma ake, ndipo m'dzinja limagumuka, nthawi zina munthu ali momwemo. Bafa likhale ndi kadzenje kakekake ka miyala. Chimbudzi chokumba, monganso dzenje la miyala la thanki, chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndiko kuti mapazi aatali pafupifupi 40, ndipo chikhale kumunsi kwa chitsimecho.

Zizindikiro zakuti thanki yatopa

Thanki imachenjeza isanagonje. Madzi amachedwa kutsika mukagejemula. Mapaipi amalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Kuseri kwa nyumba kumamveka fungo, makamaka madzulo. Pamalo amodzi pamamera udzu wobiriwira mu Okutobala, pamene pena ponse pali gwaa, kapena nthaka yake imakhala yonyowa mvula isanagwe. Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire chachiwiri.

Ngakhale musamale madzi chotani, matope amachulukabe, ndipo thanki iyenera kupopedwa. Mabanja ambiri amapopetsa patapita zaka 3 kufikira 5, koma pakhomo pa anthu ambiri nthawiyo imafupika. Kamodzi pachaka matopewo ayezedwe. Munthu wamkulu akulunge nsalu yoyera yakale kunsonga ya nsungwi yaitali, aimize mpaka pansi m'chipinda choyamba, adikire pang'ono, naizule mosamala. Pamene nsalu yadera ndi pamene matope afika. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, yambani kusunga ndalama zoitanira galimoto yopopa. Akafika theka, musachedwenso. Opopawo asiyemo matope pang'ono okhala ngati mbeu ya tizilombo tothandiza, ndipo afunseni kumene akukataya. Malo ake ndi okonzera zonyansa, monga a ku Kauma mumzinda wa Lilongwe, osati mumtsinje kapena m'ngalande.

Pa ntchito yoyeza ndi yopopa, ana akhale kutali, ndipo pasakhale moto kapena fodya pafupi, pakuti mpweya wa m'thanki umayaka. Munthu asalowe m'thankimo pa chifukwa chilichonse, ngakhale itapopedwa. Mpweya wake umakomola munthu asanafuule, ndipo wolowa kukamupulumutsa nayenso amatsala momwemo. Chivundikiro chikhale cholemera, chosang'aluka, choti mwana sangachisunthe. Lata lakale lopsinjidwa ndi mwala si chivundikiro.

Thanki ikasefukira

Tsiku lomwelo chepetsani madzi onse opita m'thanki, musambire ndi kuchapira kwina. Tchingani malowo ndi nsungwi kapena minga kuti ana ndi nkhuku zisafikepo, ndipo aliyense wodutsa kumeneko avale nsapato, chifukwa nyongolotsi zina zimalowera kumapazi. Pamene panyowa thiranipo laimu kapena phulusa, mukwirire ndi dothi. Mwana asasewerepo ngakhale patauma, popeza mazira a njoka zam'mimba amakhala amoyo m'nthaka kwa zaka. Musakumbe kangalande kotulutsira madziwo kumseu. Kumeneko kuli ana a anzanu. Ngati pafupi pali chitsime, madzi ake awiritsidwe kapena athiridwe klorini asanamwedwe.

Amene muli palendi, uzani eni nyumba msanga, ndipo aonetseni kope lanu la manambala a mita. Mkangano wakuti ndani wadzazitsa thanki umafupika pamene manambala alipo. Akamazengereza, kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Masiku amenewo muyang'anitsitse mwana. Akayamba kutsegula m'mimba, pitirizani kumuyamwitsa ndi kumudyetsa, ndipo mupatseni ORS pafupipafupi, paketi imodzi yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira. Kuchipatala adzakupatsaninso mapiritsi a zinc akumwa masiku 10 kufikira 14. Amalize onse ngakhale aoneke kuti wachira. Koma ngati maso kapena liwombo zalowa, akukana kuyamwa, walefuka, akusanza chilichonse, m'chimbudzi mwake muli magazi, kapena chimbudzicho chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mukumumwetsa ORS m'njira. Mukafika, auzeni anamwino kuti thanki ya kwanu inasefukira, ndiponso ngati pali ana ena pamalopo amene akudwala chimodzimodzi.